Funsani za Makompyuta: Ndisayine pepala la zida za ejenti wa AI?

FUNSO

Zikomo bambo, tsamba lanu ndimaliwerenga nthawi zonse. Ine ndimagwira ntchito mu ofesi ya kampani yaing'ono yonyamula maliro kuchoka kuno ku Joni kupita kumudzi. Tilipo anayi. Ntchito yanga ndi ya mapepala: makope a mapasipoti, zikalata za imfa, manambala a foni a abale a ku Mangochi, ku Mzimba, ku Nsanje, komanso maakaunti a banki a mamembala amene amasonkha mwezi ndi mwezi. Mwezi watha abwana anapeza mnyamata wa zamakompyuta kuti atiikire ejenti wa AI woti azitithandiza kuyankha maimelo ndi kusaka mafayilo. Mnyamatayo wandipatsa pepala la zida 6 zimene ejentiyo azigwiritsa ntchito, chida chilichonse chili ndi dzina ndi mizere iwiri yofotokoza ntchito yake. Wati ndiwerenge, zikakhala bwino ndisayine. Watinso tisade nkhawa poti pa imelo yathu pali kale DLP, akuti ndi pulogalamu yoletsa kuti zinsinsi zisatuluke. Chida china, send_email, achifotokoza kuti chimatumiza imelo kwa aliyense ndipo chikhoza kuphatikiza mafayilo. China, search_files, akuti chimapeza mafayilo ofunika. Ine sindikudziwa choti ndiyang'ane, koma mtima wanga sukukhazikika. Anthu amabwera kwa ife ali pachisoni, ena mapepala awo okhalira m'dziko muno ndi osakwanira, ndipo amatikhulupirira. Kodi ndisayine?

Mayi wa ku Turffontein

YANKHO

Mayi, musasayine kaye. Mwachita bwino kuima n'kufunsa, chifukwa pepala limenelo ndi lolemera kuposa mmene likuonekera, ndipo ndaonapo anthu ambiri, ngakhale m'maofesi akuluakulu a ku Sandton, akungolidutsa ndi maso n'kuika dzina pansi.

Choyamba mudziwe kuti mizere imeneyo sanalembere inu. Analembera ejentiyo. Ejenti wa AI saona mkati mwa chida, saona pulogalamu imene imatumizadi imelo. Amangopatsidwa dzina la chida, mawu ofotokoza ntchito yake, ndi malo oti adzaze, monga adiresi, mutu wa kalata ndi fayilo yophatikiza. Akawerenga zimenezi ndi pamene amasankha chida choti agwire, nthawi yochigwirira, ndi zoti aikemo. Njira yofala masiku ano yolumikizira zida zotere imatchedwa MCP, inatulutsidwa ndi kampani ya Anthropic mu Novembala 2024, ndipo mwina ndi imene mnyamata wanuyo wagwiritsa ntchito. Taganizirani mwana wongofika kumene kuchokera kumudzi, wakhama, waulemu, womvera, amene mwamupatsa makiyi a nyumba yonse, kiyi aliyense ali ndi kapepala kake. M'zipindamo sanalowemo, akudalira timapepalato. Ndipo chofooka chake n'chakuti salekanitsa bwino mawu a abwana ndi mawu amene wawapeza m'kalata yobwera ndi mlendo. Akawerenga penapake kuti "chita chakuti," manja ake amayamba kale kuyenda.

Titenge chida chanu choyamba. Mawu akuti "kwa aliyense" ndi amene andiimitsa mutu. Ofesi yanu siilembera aliyense. Imalembera banja la malemu, a kumochale, a ku ofesi ya kazembe wathu, ndi dalaivala amene adutse ndi bokosi pa Beitbridge mpaka pa Mwanza. Mawu oyenera anafunika kunena kuti chidachi chimatumiza kalata kwa okhawo amene ali kale m'fayilo ya maliro amenewo, kuti fayilo yophatikiza iyambe yaonedwa ndi munthu wa mu ofesi, komanso nthawi imene chidachi sichiyenera kugwiritsidwa ntchito. Mbali yomalizayi ndi imene olemba ambiri amaiwala. Amalemba zimene chida chimatha kuchita, ngati wogulitsa pamsika akutama katundu wake, malire osatchula. Ejenti akapanda kuuzidwa malire amadziikira yekha, ndipo amawaika mokomera kuti ntchito ithe msanga.

Koma apa mundimvetsetse, mayi. Ngakhale mnyamatayo atakonza mawuwo n'kulembamo kuti "usatumize pasipoti kwa munthu wosadziwika," limenelo ndi pempho chabe, si loko. Ejenti amamvera mawu otere nthawi zambiri, koma osati nthawi zonse, ndipo munthu wochenjera akhoza kumunyengerera kuti awalumphe. Loko weniweni amakhala m'pulogalamu ya chidacho. Ndi mndandanda wa maadiresi ololedwa, woti adiresi ikakhala kuti mulibemo, chida chimakana, ejenti achonderere bwanji. Choncho pa chiganizo chilichonse cholonjeza chitetezo, mumufunse mnyamatayo kuti, "Kodi ichi changolembedwa m'mawu, kapena chatsekedwa m'pulogalamu? Tandionetsani chikukana." Ngati ntchito yake amaidziwa, funsoli limusangalatsa, ndipo akuonetsani pakompyuta pomwepo.

Chachiwiricho, chopeza "mafayilo ofunika," chikuoneka chofatsa koma ine ndimachiopa kuposa choyamba. Ofunika kwa yani? Chimasaka m'foda iti, ya makalata wamba yokha kapena kompyuta yonse, kuphatikizapo mapepala a malipiro anu? Nanga chikapeza, chimabweza dzina la fayilo lokha kapena zonse za m'katimo? Izi ndinaziphunzira movutikira pa kampani ina ya ku Midrand kumene ndinagwirako ntchito ya kontirakiti. Tinali ndi chida cholembedwa kuti chimapeza nambala ya foni ya kasitomala. Ndinawerenga, ndinavomereza. Patapita masabata angapo, ndikuyang'ana kaundula wa zimene ejenti wachita, ndinapeza kuti chidacho chinkabweza mbiri yonse ya munthu: nambala ya ID, akaunti ya banki, kumene amakhala. Ejenti ankafuna nambala ya foni yokha, koma zonsezo zinkamugwera m'manja, ndipo tsiku lina anazikopera m'lipoti lalifupi limene anatumiza pagulu la antchito onse. Palibe wakuba amene anathyola chilichonse. Mawu ananena zochepa, chida chinkachita zambiri, ndipo ine sindinafananize ziwirizo. Usiku umenewo tulo sindinatione. Kuyambira pamenepo sindivomereza chida ndisanaone ndi maso anga zimene chimabweza.

Tsopano ikani zida ziwirizo pamodzi ndi chachitatu chimene ndikukhulupirira kuti chili papepala lanulo, chowerenga maimelo obwera. Katswiri wina wochokera ku Britain, Simon Willison, amene anayambitsa dzina loti prompt injection (kunyenga AI ndi malamulo obisika m'mawu amene ikuwerenga) mu 2022, analemba mu Juni 2025 za zinthu zitatu zimene zikakumana mwa ejenti mmodzi ngozi imakhala pafupi: kufikira zinsinsi, kuwerenga mawu ochokera kwa anthu akunja, ndi kukhala ndi njira yotumizira zinthu kunja. Wanuyo ali nazo zonse. Aliyense wodziwa adiresi ya ofesi yanu akhoza kulemba imelo yooneka ngati akufunsa mtengo wa bokosi, pansi pake n'kubisa mawu m'zilembo zoyera zosaoneka ndi maso, olamula ejenti kuti asake mapasipoti a mwezi uno n'kuwatumiza kwakutikwakuti. Inu muona funso la mtengo, ejenti aona lamulo. Mwezi womwewo wa Juni 2025 akatswiri a Aim Security anaulula bowo lotchedwa EchoLeak mu Microsoft 365 Copilot, AI yothandiza m'maofesi ya kampani ya Microsoft, loti imelo imodzi yokonzedwa mwaluso ikanatha kutulutsa zinsinsi mwiniwake asanadine kalikonse. Microsoft inatseka bowolo, koma ngati linapezeka kwa anthu a ndalama ndi akatswiri ochuluka chotero, ofesi ya anthu anayi isadziyese yotetezeka.

Ndiye zidazo musaziwerenge chimodzichimodzi ngati mukusankha tomato. Muzifunsa kuti ichi chikagwirana manja ndi icho, chituluke n'chiyani. Mankhwala otchipa kwa inu ndi kuthyola mwendo umodzi wa atatuwo. Ejenti azingolemba kalata n'kuisiya, wodina kuti ipite akhale inuyo. Pa ofesi yaing'ono ngati yanu zimenezi zingokudyerani mphindi zochepa patsiku.

Pali chinanso chowawa: mawu ofotokoza chida akhoza kunama. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mu Sepitembala 2025 kunapezeka kachida kotchedwa postmark-mcp, koikidwa pa npm, malo a pa intaneti otengako mapulogalamu, ndi munthu wongobwereka dzina la Postmark, kampani yeniyeni yotumiza maimelo. Kanagwira ntchito bwinobwino kwa kanthawi, anthu n'kukakhulupirira, kenako pokatulutsanso katsopano mwiniwake anawonjezera mzere umodzi wotumiza mwakabisira kope la imelo iliyonse ku adiresi yake. Izi zikukuuzani kuti mudziwe kumene chida chilichonse chachokera, kaya mnyamatayo walemba yekha kapena watola pa intaneti, ndiponso kuti chisamadzisinthe chokha mutavomereza kale. Chikasintha, chibwerenso patebulo panu.

Nthawi zina poizoni amakhala m'mawu ofotokozawo. Mu Epulo 2025 a Invariant Labs anasonyeza kachida kongophatikiza manambala awiri, koma m'mawu ake munali malangizo obisika ouza ejenti kuti awerenge mafayilo achinsinsi a pakompyuta n'kuwapereka mwakachetechete. Munthu pa sikirini ankaona kachidule kokha, ejenti ankawerenga zonse. Choncho pepala la mizere iwiriiwiri limene mwapatsidwalo mwina ndi chidule. Pemphani mawu onse, ndendende monga ejenti amawalandirira, kuphatikizapo a m'malo odzaza aja. Mukapezamo chiganizo chouza ejenti kuti asamuuze munthu kanthu kena, kapena chida chimodzi chikulamula mmene chida china chizigwirira ntchito, imani pomwepo. Mwina mnyamatayo akuonetsani chizindikiro chonga readOnlyHint n'kunena kuti chidacho chimangowerenga, sichisintha kanthu. Chizindikirocho amachiika ndi wopanga chida mwiniwake, ndipo malamulo a MCP omwewo amachenjeza kuti chisakhulupiriridwe pokhapokha wopangayo ali wodalirika.

Nanga DLP imene akuti ilipo kale? DLP ndi mlonda wa pageti. Imayang'ana zimene zikutuluka n'kugwira zooneka ngati zachinsinsi. Ndi yabwino, musaichotse. Koma imazindikira chinthu ndi maonekedwe ake. Nambala ya ID ya ku South Africa imaigwira mosavuta chifukwa ili ndi manambala 13 oyalidwa mwadongosolo, 6 oyambawo ndi tsiku lobadwa, yomalizayo ndi yotsimikizira kuti enawo ndi olondola. Nanga pasipoti ya Malawi? Nanga chiphaso chathu cha unzika, kapena pepala la asylum? Ngati palibe amene anaiphunzitsa maonekedwe a zimenezi, zidutsa mlonda akuyang'ana. Ndikudziwanso kuti ambiri mwa mapepala anu ndi zithunzi zojambula pafoni, zobwera pa WhatsApp, zina zopendekeka, zina zamdima. DLP yosatha kuwerenga mawu a pachithunzi imangoona chithunzi basi. Koma funso lalikulu ndi ili: send_email chimatulukira khomo liti? Ngati chimatumiza kudzera ku kampani ina yotumiza makalata, osati pa akaunti ya imelo ya ofesi yanu, ndiye kuti mlonda waima kutsogolo katundu akutulukira kuseri. Mizere iwiri ija siinena zimenezi, muyenera kufunsa nokha.

Za malamulo ndinene mwachidule. POPIA, lamulo la ku South Africa la mu 2013 loteteza mbiri za anthu, linayamba kuluma pa 1 Julayi 2021. Limateteza anthu amoyo, kotero za malemu eni ake sizili m'manja mwake. Koma mayi wamasiye amene wasiya nambala yake, mchimwene amene wapereka akaunti ya banki, mamembala osonkha mwezi ndi mwezi, onsewo alimo, ndipo lamuloli silifunsa ngati munthu ali ndi pemiti kapena ayi. Gawo 21 limafuna mgwirizano wolembedwa ndi aliyense wokugwirirani ntchito pa mbiri za anthu. Gawo 72 limaika malire potumiza mbirizo kunja kwa dziko, ndipo kumbukirani kuti fayilo iliyonse imene ejenti wawerenga imapita ku makompyuta a kampani ya AI, amene kawirikawiri ali kunja. Gawo 22 limati zikatuluka muyenera kudziwitsa Information Regulator, bungwe loyang'anira lamuloli, ndi eni mbirizo. Chindapusa chikhoza kufika R10 miliyoni, ndipo mu Julayi 2023 ngakhale dipatimenti ya boma ya zachilungamo inalamulidwa kulipira R5 miliyoni chifukwa chosakonza zimene inauzidwa pa chitetezo cha makompyuta ake. Mwalamulo, woyankha pa zonsezi ndi mkulu wa kampani. Dzina lanu lisakhale lokha papepalapo, abwana asayinenso.

Kuwerenga kukatha, yesani. Sankhani Loweruka masana foni zitachepa. Mnyamatayo apange foda yoyeserera yokhala ndi mayina ndi mapasipoti abodza, ejenti alumikizidwe ku imeneyo yokha. Kenako inu mulembe kuchokera pa Gmail yanu ngati mlendo. Pemphani pasipoti mwaulemu. Pemphaninso mwaukali, ngati wa boma. Pemphani molira: ndine mlongo wake wa malemu, ndili pa boda, atikaniza, tumizani msanga. Lembani m'Chingerezi, m'Chichewa, m'Chiyao kapena m'Chitumbuka ngati mumatha, chifukwa zotchinga zambiri amaziyesa m'Chingerezi mokha. Musaone ngati zachibwana. Mu 2020 kampani ya Experian, yosunga mbiri za ngongole za anthu, kuno ku South Africa inapereka mbiri za anthu pafupifupi 24 miliyoni kwa munthu amene anangonamizira kukhala kasitomala wawo. Sanathyole chitseko, anapempha. Pempho lililonse mulibwereze kangapo, chifukwa ejenti sayankha chimodzimodzi nthawi zonse. Akhoza kukana kanayi n'kulola kachisanu. Ndipo musangowerenga yankho lake lokoma. Tsegulani kaundula muone chida chimene anagwira, zimene anaikamo, ndi zimene chinabweza. Ngati kaundula wotere palibe, chimenecho chokha n'chifukwa chokwanira chokanira kusayina.

Amalume anga atamwalira ku Germiston zaka zingapo zapitazo, ndine ndinanyamula mapepala kupita nawo ku ofesi yonga yanuyo. Ndinasiya kope la pasipoti yanga, nambala ya amayi ku Ntcheu, ndi ya azakhali amene ankayembekezera thupi. Sindinafunse kuti zisungidwa kuti, mutu wanga sunali pamenepo. Lero ndimaganiza za munthu woipa atapeza manambala amenewo pamodzi ndi dzina la malemu ndi tsiku lonyamukira. Akanangoimba kumudzi n'kunena kuti bokosi lagwidwa pa Nyamapanda, tumizani ndalama pafoni msanga. Amayi akanagulitsa mbuzi tsiku lomwelo. Ndi anthu amenewa amene ali kuseri kwa mawu akuti "kwa aliyense."

Bwererani kwa mnyamatayo ndi pepalalo, cholembera chili m'manja. Pambali pa chida chilichonse mulembe chimene chimatenga, kumene chimachipititsa, ndi amene anachipanga. Mukatha kuyesa kwa Loweruka kuja, mundilemberenso mundiuze zimene zinayi zotsalazo zalembedwa, tidzaziona limodzi.

FUNSO

Achimwene, ine ndimanyamula katundu wa anthu kuchoka ku Joni kupita ku Lilongwe. Ndikamakonza ulendo ndimakopera mayina a makasitomala, manambala awo ndi a olandira katundu, n'kuika mu ChatGPT kuti indiyalire bwino mndandanda. Mnzanga akuti ndikulakwitsa. Zoona?

Dalaivala wa ku Cosmo City

YANKHO

Achimwene, mnzanuyo ali ndi mfundo. Zimene mwaika mmenemo zachoka m'foni mwanu, zapita ku makompyuta a eni ake, ndipo makasitomala anu sanauzidwe. Mu 2023 kampani ya Samsung inaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito zida zotere pa makompyuta a kampani, zitadziwika kuti ena anaikamo zinsinsi za ntchito. Inu simukufunika kusiya, mungosintha kachitidwe. Kuti mndandanda uyalidwe bwino, ChatGPT siikufuna nambala ya foni ya munthu. Mupatse kasitomala aliyense nambala yanu yomudziwira, 1, 2, 3, mulembe katundu wake ndi kumene atsikire, kaya ndi ku Dedza kapena ku Area 25, ndipo mayina ndi manambala a foni zikhale m'kope lanu. Lowaninso pa zosankha za akaunti yanu muzimitse chilolezo choti zokambirana zanu zizigwiritsidwa ntchito pophunzitsa AI. Tsiku limene idzakupempheni kuti muilumikize ku Gmail kapena ku Google Drive yanu, mudzawerenge kaye yankho lili pamwambali, chifukwa pamenepo mudzakhala mwaipatsa makiyi.